Galimoto Imene Tobiyasi Anabwera Nayo

Amayi anga, kodi mukuswera bwanji kumene muliko? Ndine Malita. Kuno tilipo ndithu, kungoti mvula ya chaka chino yatipeza tisanakonzeke, moti denga la khitchini yanu lagwa mbali imodzi. Ndachedwa kukulemberani chifukwa ndimafuna kuti nkhani imene ndili nayo iyambe yakhazikika mumtima. Mpaka lero sinakhazikike, koma ndaona kuti ndikapitiriza kuisenza ndekha indidwalitsa.

Ndiyambe ndi zabwino. Esinati, mdzukulu wanu, ali ndi mwana wamkazi. Ndi wonenepa, makutu ake ndi aang'ono ngati anu, ndipo akalira agalu onse a m'mudzi amamuyankha. Mapira anacha bwino kumunda wa kudambo, koma njovu zinalowa titatsala pang'ono kukolola n'kudya mbali yonse ya kumtsinje. Tinaziimbira zitini mpaka manja kutupa, izo zikungotafuna ngati zachita kuitanidwa. Thonje munabzala musanagone pamphasa lija tinatola tonse, ndipo linayera bwino. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, koma mmodzi anatengedwa ndi fisi.

Tsopano za mwana wanu Tobiyasi. Munamusiya ali makaniko ku loji ya alendo odzaona nyama. Patapita miyezi ingapo titakuikani anasiya ntchitoyo osauza munthu, ndipo tsiku lina masana anatulukira m'mudzi akuyendetsa galimoto yoyera ya ku Japani, ya bokosi kumbuyo, mtundu umene eni maloji ayamba kuukonda masiku ano. Anaiimika pansi pa mango wanu, pamene munkapetera mapira. Anthu atamuzungulira anati ndi ya munthu wina wamalonda wa ku Chipata, yemwe ankangomutchula kuti abwana. Ntchito yake inali kunyamula thonje la kuno ku Msoro ndi anthu a paulendo, ndipo izigona m'mudzi mwathu.

Mukumudziwa mwana wanu akakonda chinthu. Analankhula za galimotoyo mpaka tinaloweza. Ankati magalimoto akale a ku Mangalande amene agemu, oteteza nyama aja, ali nawo amatha nthawi yambiri atakhazikidwa pamiyala akudontha oilo, koma iyi imakoka ndi matayala onse anayi, ndipo m'makande imatuluka yokha. Ankati ansembe a ku mishoni ali ndi yotere imene injini yake sinatsegulidwepo chiigulireni, ndiponso kuti madalaivala a m'maloji ikawafera m'tchire amaidzutsa ndi kawaya ndi pulayala basi. Nkhani imene ankaikonda kwambiri inali yoti banja limene linayambitsa fakitale yake ku Japaniko poyamba linkapanga makina oluka nsalu, magalimoto anabwera pambuyo. Ndiye ankati ife olima thonje ndi galimotoyi ndife pachibale. Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka nawo.

Koma tsiku lina ndinamufunsa kuti ku Chipata kuli madalaivala ambirimbiri, nanga abwanawo anaona chiyani mwa iye kuti amupatse galimoto yatsopano n'kumulola kukagona nayo kumudzi. Anayankha kuti mbiri ya manja ake inafika kutali. Poyankhapo ankakanda khutu lakumanzere. Inu munkanena kuti mwana ameneyu akayamba kukanda khutu, mawu ake uzitolapo theka lokha. Kuyambira pamenepo maso anga anakhala pa galimotoyo.

Ndinayamba kuona tinthu ting'onoting'ono. Akabwera ku Chipata ankapita nayo kumtsinje kukatsuka bokosi lakumbuyo ndi sopo wambiri, chonsecho thonje silidetsa. Ngakhale atatsuka, ntchentche zobiriwira zija zinkaunjikana m'mphepete mwa matabwa a pansi. Nthawi ina nditagona kumudzi ndinadzuka n'kupeza mapazi a fisi atazungulira galimoto, khola la mbuzi atalilambalala. Ndinafufuta mapaziwo ndi tsache ana asanawaone, osadziwa n'komwe chifukwa chimene ndikufufutira.

China ndinachionera kukampu ya masikauti olondera nyama kumene ndimakhala ndi mkamwini wanu, bambo a Esinati. Khomo la nyumba yathu linayang'ana kugeti. Aliyense wotuluka m'chigwa amaimitsidwa pamenepo. Amamasulitsa matumba, amabaya mabelo a thonje ndi kachitsulo, ngakhale mayi wapanjinga amamuvundukulira dengu. Koma ya Tobiyasi ikafika, anzawo a bambo a Esinati ankangokweza mtengo wa pageti uku akuseka, amvekere ndi mlamu wa a Sakala, apite. Paja a Sakala ndiwo bambo a Esinatiwo. Tsiku limene ndinamva mawu amenewo ndili pakhonde, ndinaiperekeza galimotoyo ndi maso mpaka inazimiririka. Ndinazindikira kuti mwina abwana aja sanatsate manja a Tobiyasi ayi, anatsata mlamu wake. Ndinakumbukira zimene munandiuza ndikukwatiwa, kuti ndikulowa m'nyumba ya munthu amene mudzi wonse uzimupatsa moni ndi mano okha, ndipo amene adzamusekerere kwambiri ndiye ndizimuyang'anitsitsa.

Umboni ndinalibe, ndiye ndinakhala chete. Komanso ndisakubisireni, Amayi, galimotoyo inathandiza anthu. Inanyamula odwala, inanyamula maliro, inakatenga mbewu. Anthu anayamba kutchula mudzi wathu ndi ulemu.

Mvula itakhwima ndinapita kumudzi kukadikira Esinati. Matenda anamuyamba, tsiku linatha, lina n'kucha, mwana osabwera. Azamba ananditengera padera n'kundiuza kuti mwana wagona chopingasa, ndipo iwo afika pamapeto, tithamangire kuchipatala cha mishoni. Mtsinje wa Lupande unali utadzaza. Panjinga sizikanatheka, pamachira tikanafika ndi mtembo. Tobiyasi sanadikire kupemphedwa. Monga malume wake wa Esinati, anangoponya matiresi kumbuyo, tinamugoneka Esinati, ine ndi azamba tinakhala m'mbali mwake.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Msewu unali phala lokhalokha. Galimoto inkaterera uku ndi uku, matope akutigwera kumaso, koma sinaime. Titafika pamtsinje Tobiyasi anatsika, analowa m'madzi mpaka m'chiuno akufufuza pansi ndi mapazi, ine ndikumukuwira za ng'ona. Anabwerera, anakhala pachiwongolero, n'kulowa. Madzi anafika m'zitseko. Injini inabuula ngati ng'ombe, tinamva madzi akutikankhira kumunsi, koma matayala anagwira mchenga ndipo tinaoloka.

Pokwera gombe la tsidya linalo galimoto inadumpha pamuzu, thabwa limodzi la pansi linasuntha, dzanja langa n'kulowa m'mphako. Amayi, kunsi kwa matabwa amene tinakhalapo kunali chipinda china. Zala zanga zinakhudza mawaya opindidwa, ndipo nditasuzumira ndinaona kuti ndi makhwekhwe okolera nyama, onga amene bambo a Esinati amabwera nawo akachoka kolondera. M'ngodya munatsalira timizere ta nyama yowamba ndi kachikopa kaubweya wakuda wa njati. Fungo linandimenya m'mphuno. Azamba anali atawerama pa Esinati, sanaone kanthu. Ndinakankha thabwalo ndi phazi n'kukokerapo matiresi.

Kuchipatala anatiuza kuti tikanachedwa pang'ono tikanataya onse awiri. Mwana atalira, ndinatuluka kukamuuza Tobiyasi. Ndinamupeza atatsamira boneti, matope mpaka m'khosi, akugwetsa misozi uku akuisisita galimotoyo ngati munthu. Za matabwa aja ndinazisungira tsiku lina.

Ndinamutsata patapita masiku, Esinati atatuluka. Anali kumtsinje ndi sopo wake uja. Ndinaima pafupi n'kumufunsa kuti, "Tobiyasi, matabwa a kumbuyoku anakhoma ndani?"

Anapitiriza kukwecha kwa kanthawi. Kenako anati galimotoyo inabwera choncho. Anandifotokozera kuti masiku ena amauzidwa kuti akaiimike penapake m'nkhalango ya tsanya, asiye kiyi pampando, iye apite kukatola nkhuni. Akabwerako amangoliza injini n'kumapita. Anati, "Ine sindinaonepo kanthu, asisi. Ndimangogwira chiwongolero."

Ndinamuuza kuti tsiku lodzagwidwa, abwana opanda dzinawo sadzapezeka. Wokagona kundende ndi amene wagwira chiwongoleroyo, ndipo mlamu wake adzavulidwa yunifolomu pamaso pa ana. Anaponya nsanza m'madzi, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga popanda galimotoyi, Esinati bwenzi ali kuti lero?"

Ndinamusiya pamtsinjepo, Amayi. Funso lakelo likundivutabe mpaka pano.

Nditabwerera kukampu ndinauza bambo a Esinati zonse. Anali pakhonde akupukuta jombo zawo. Ndinkayembekeza kuti adzambatuka, akalipa, mwina athamangira kwa akuluakulu awo. Bulashi sinaime n'komwe. Nditamaliza anangofunsa kuti, "Wauzaponso ndani?" Ndinati palibe. Anati ndisiye m'manja mwawo. M'mawa mwake anapalasa njinga kupita kumudzi, ndipo Esinati akuti anawaona akulankhula ndi Tobiyasi kuseri kwa nkhokwe yanu nthawi yaitali, motsitsa mawu. Sabata yomweyo Tobiyasi anapita nayo galimoto ku Chipata n'kubwerako wopanda. Palibe anamangidwa, palibe anafunsidwa.

Ndinaganiza kuti ndapulumutsa mlongo wanga, ndipo mwina ndinamupulumutsadi. Koma iye sandiyankha moni. Amakhala pansi pa mango akumata machubu a njinga za anthu, ndikafika amaweramira pantchito yake ngati wadutsa ndi mphepo. M'mudzi simubisika kanthu. Sakudziwa chimene ndinaona, angodziwa kuti Malita ndiye anachotsetsa galimoto. Mwezi wathawu mwana wa a Tisauke, anzanu a kutchalitchi aja, anakomoka ndi malungo, ndipo anamutengera kumishoni panjinga, bambo ake akukankha m'matope. Anachira, tithokoze Mulungu. Koma a Tisauke atandiona pachitsime anandifunsa ngati mtima wanga tsopano wakhala pansi. Ndinangosenza ndowa yanga n'kuchoka.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Galimoto ija sinachoke m'chigwa muno. Ikudutsabe, ikuyendetsedwa ndi munthu wachilendo wachipewa chofiira. Ndimaidziwa ndi kulira kwake isanatulukire pakhota. Ndipo ndaona kuti imakonda kudutsa masiku amene mkamwini wanu ali pageti. Amazungulira kumbuyo, amagogoda bokosi ndi dzanja, kenako amakweza mtengo. Matabwa aja sanawatukulepo, chonsecho ndinawauza ndekha thabwa lake.

Ndinawafunsa. Anati akuluakulu anawalamula kuti aziisiya idutse, chifukwa akufuna kugwira mwini wake weniweni, osati dalaivala. Anatinso anamuchotsa Tobiyasi dala kuti msampha ukadzafwamphuka usadzagwire wa m'banja. Zikhoza kukhala zoona. Munthu ameneyu ndakhala naye zaka zonsezi. Ndamuona akubwera kolondera mapazi atatupa, ndamuchotsa minga kumsana, ndipo chipsera cha pamwendo chija anachipeza akumasula mbidzi pakhwekhwe. Sindikufuna kumuganizira zoipa. Koma akuluakulu akewo sindinawaone akubwera, ndipo miyezi ikupita.

Lamulungu lapitali anabwera ndi nyama yowamba m'kathumba. Anati ndi ya njati imene masikauti anaombera chifukwa inkavutitsa anthu m'minda, ndipo anagawana monga amachitira nthawi zonse. Kale ndikanalandira ndi manja awiri. Koma pakampu pano njati ikaomberedwa akazi tonse timadziwa tsiku lomwelo, ndipo ine sindinamve za njati iliyonse. Ndinawaphikira, ndinawaikira patebulo. Ine ndinadyera chibwabwa, masamba a maungu aja. Anayang'ana mbale yanga, anayang'ana nkhope yanga. Tinadya choncho, aliyense ndiwo yake, ngati alendo okumana pamaliro.

Mukanakhalapo mukanangowayang'ana kamodzi akulowa pabwalo n'kundiuza zoona zake. Munkatha kumudziwa munthu pa mmene wakhalira pampando. Ine luso limenelo sindinatengere. Ndimangoona zidutswa, ndipo ndimaopa kuti mwina ndikunamizira munthu wosalakwa, mwinanso ndikugona pafupi ndi munthu amene anagulitsa mlamu wake ndi geti yomwe.

Mupereke moni kwa atate, muwauze kuti ali ndi chidzukulu chatsopano. Ndimakusowani tsiku lililonse, makamaka ndikakhala ndi funso lopanda womufunsa. Ndikulonjezani kuti Tobiyasi sindimutaya. Ndizipita pamene wakhala n'kumupatsa moni mpaka tsiku limene adzatope n'kuyankha. Ndipo mvula isanathe ndidzawafunsanso bambo a Esinati, masana, titakhala pansi, ndikuwayang'ana m'maso. Akadzandiyankha zimene ndikuziopazi, ndidzamanga zovala zanga m'chitenje n'kubwerera kumudzi kwanu wapansi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Malita