Magalasi a M'chipinda Chapansi

Lolemba, 9 Malichi
Aprofesa andifoola nkhongono. Ndawaonetsa zithunzi za mlalang'amba wakutali womwe ndikufufuza, zomwe telesikopu yakhala ikujambula chaka ndi chaka. Pakati pake, pomwe dzenje lakuda limameza mpweya ndi fumbi, panali pozilala. Pano pakuwala ngati babu. Iwo akuti, "Mwanawe, kamera anaisintha chaka chomwecho. Chawala n'chiyani, mlalang'amba kapena kamera?" Popanda umboni wina sasainira kafukufuku wanga. Zaka zonsezi zipite m'madzi?

Lachiwiri, 10 Malichi
Umboni ungakhale m'chipinda chapansi. Muli zithunzi zakale za thambo, zojambulidwa pagalasi ine ndisanabadwe. Ngati pakatipo panawalapo kale, ndiye kuti kamera ilibe mlandu.
Koma ndamva alembi pafoni: "Lole ibwere Lachisanu, zinyalala zonse zichoke." Akufuna kuikamo maofesi. Zinyalala, eti!

Lachitatu, 11 Malichi
Fumbi, mphemvu, mabokosi osalembedwa kanthu. Galasi lililonse kulikweza pawindo, kusaka nyenyezi zanga zitatu zokhala ngati mafuwa, poti mlalang'ambawo uli pakati pawo. Lina landiswekera m'manja, chala chekee. Bwanji ngati linali lomwelo?
Achemwali aimba: "Ukusakabe kadontho kako? Kadzakukwatira?" Ndadula foni, kenako ndalira.

Lachinayi, 12 Malichi
Palibe. Msana wauma gwa. Ndili ndi mantha.

Lachisanu, 13 Malichi
Lole yafika m'mamawa ndisanamwe n'tiyi yemwe. Amuna awiri, tapatapa kunyamula. Ndawachonderera, akuti, "Asisi, ife tatumidwa." Ndangokhala pabokosi lomwe linatsala, ndati mukafuna mundinyamulire limodzi. Aseka, koma andisiya.
Ndalitsegula bokosilo. Galasi ili ayi, ilinso ayi. Kenako mafuwa anga aja! Pagalasi chowala chimaoneka chakuda, ndipo pakati pawo panali kadontho bii, konenepa. Kanawala kale, kanazilala, kawalanso!
Ndathamanga nalo pamasitepe ngati ndanyamula khanda. Aprofesa ndawapeza pakhomo, makiyi a galimoto m'manja. Avala mandala, aliyang'ana kudzuwa. Ine mtima phaphapha.
Kenako akuti, "Magalasi ena onse ali kuti?"
Ndaloza lole, ikubwerera chambuyo kulunjika kugeti.
Sindinawaonepo akuthamanga bambo amenewo. Afika n'kumenya chitseko cha dalaivala ndi chikhatho: "Zimitsani injini! Tsitsani zonse, pang'onopang'ono!"