Ndodo ya Bambo Idakali M'madzi

Wokondedwa msuweni Ilaitia,

Ukukumbukira tsiku lotsiriza maliro a agogo, pamene tinazula ndodo yoletsa usodzi pa matanthwe a m'nyanja? Iwe unagwa chagada utakumbatira nsomba yokuposa msinkhu, azimayi onse akuseka, zovala zakuda atavula. Masiku ano tsikulo silikundichoka m'mutu.

Kuno ku chilumba cha Kadavu tili bwino, mvula ikugwa, chinangwa chachita. Kaya iwe ku Aucklandko ndi chisanu chija.

Ndodo ya malemu bambo, yomwe tinazika pa matanthwe omwe aja atamwalira, idakali m'madzi. Nthawi yoizula itayandikira, kunabwera alendo a bungwe la mayiko angapo loteteza zachilengedwe. Ndi anthu aulemu, kava, chakumwa chathu chija, anabwera naye mwamwambo. Akuti chitsekereni malowo nsomba zachuluka, ndiye tisatsegulenso, atiphunzitsa kulima ndere za m'nyanja. Mwina akunena zoona. Koma popanda nsomba za pamalopo, phwando lotsiriza maliro silichitika, ndipo amayi sangavule zakuda. Dzulo amayiwo anandifunsa kuti, "Sainimere mwanangu, wamasiye ndani pano, ine kapena nsombazo?"

Chondisowetsa mtendere ndi china. Mkulu wa alendowo anatchula matanthwewo ndi dzina lomwe bambo ankalitchula pabanja pokha. Nditamufunsa kumene analimva, anangomwetulira n'kunena kuti ali ndi mnzake ku Auckland. Sindikunena kanthu, msuweni.

Tsopano alendowo avomera kukumana ndi banja lonse Loweruka loyamba la mwezi wamawa, pabwalo la tchalitchi. Amayi akuti ubwere, ndipo udzasankhe wekha mphasa yokhalapo, yathu kapena ya alendo.

Ndine msuweni wako,
Sainimere