A Nkhoma akutseka takishopu

Lachinayi. Mtima wanga suli m'malo lero.

M'mawa ndinakwera kombi kukagula shuga, mafuta ndi sopo ku supamaketi ya m'tauni, poti kumeneko n'kotchipirako. Pobwerera kuno ku Rugare ndinadutsa pa takishopu ya a Nkhoma, majumbo ali m'manja. Ndinayesa kuwabisa kumbuyo, koma anali atawaona kale.

"Musabise, mayi," anatero. "Aliyense akugula komweko. Mwezi uno ukatha ndikutseka."

Ndinangogula machesi amene sindimawafuna n'komwe.

Chimwalirireni amuna anga, a Nkhoma okha ndiwo ndimacheza nawo m'Chichewa mumsewu muno. Adzukulu amandiyankha m'Chishona. Ku supamaketi kuja, mtsikana wolandira ndalama sanandiyang'ane n'kumaso komwe. Shuga ndidzampeza kulikonse, koma wondifunsa kuti ndadzuka bwanji...