Nsapato Zakuda Zija Zibwerere Kuno

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndili bwino, kupatula mapazi.

Kulesitilanti kuja ku Hout Bay abwana andichotsa kotsuka mbale, akuti ndiyesere kuperekera zakudya kwa alendo. Koma anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti jinzi sakufuna kuiona. Ndinathamangira kwa a Jafali, telala wa ku Mangochi amene amasoka kuno ku Mfuleni, ndikufuna suti. Iwo anaseka. "Suti ya chiyani, mukukakwatira? Malaya oyera awiri, buluku lakuda, lamba ndi nsapato zakuda, basi. Ena mukachapa, ena mwavala."

Zinazo zapezeka, koma nsapato ndikubwereka kwa a Gondwe, anzanga ogona nawo chipinda chimodzi. Koma kuthina kwake! Loweruka ndinatsimphina mbale zili m'manja mpaka abwana anafunsa ngati ndavulala. Ndinakana, uku matuza akundiwotcha. Komanso eni ake amazifuna Lamlungu popita kutchalitchi, tsiku limene alendo amadzaza. Mtima wanga suli m'malo, pakuti osirira ntchitoyi ndi ambiri, ndipo zatsopano sindingagule mwezi uno.

Tsono achimwene, musandikwiyire. Nsapato zakuda zija ndinakutumizirani pa Khirisimasi ndikuzipempha, poti phazi lathu ndi limodzi. Mupatsire wathiransipota aliyense wonyamuka msanga. Ndikudziwa kuti pamudzi aseka, ati katundu wayamba kubwerera ku Joni. Museke nawo. Muwauze kuti nazonso zapita kukasaka ganyu.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Chimwemwe