Chimbalangondo Chotsimphina Mwendo Wolakwika

Zagreb, 9 Okutobala 1958

Wokondedwa mlongo wanga Krešo,

Uli bwanji ku Canada kozizirako? Chifuwa chija chinatha? Ife kuno tili bwino. Amayi aphika jamu wochuluka chaka chino, moti mabotolo afika mpaka kunsi kwa bedi lako.

Kuntchito andichotsa kopaka utoto, tsopano ndikujambula nawo makatuni. Anandipatsa chimbalangondo chokalamba kuti ndichiyendetse. Ndinawononga mulu wa mapepala, koma tikawatsegula mofulumira ndi chala, chinkangotsetsereka ngati kabati yokankhidwa. A Ljudevit, akuluakulu athu, amvekere mtsikana iwe, miyendo sajambula utakhala pampando, dzuka ukayende pagalasi.

Tonse timatero, umayamba wachita wekha pagalasi zimene ukufuna kujambula. Ndinaika manja kumbuyo, n'kumakoka mwendo wamanzere, kenako kuima n'kuyang'ana kumwamba ngati mitambo yandilakwira. Anzanga anafa nazo kuseka. Ine sindinaseke, poti amenewo ndi mayendedwe a bambo. Koma ndinajambula ndithu, chifukwa chimbalangondo chija chinali chitakhala chamoyo.

Ukudziwa kuti bambo ntchito yangayi amati ndi masewera a ana. Ndiye Loweruka anabwera pasitima ndi amayi kudzaonera kanema wa chimbalangondo chija. Ndinachita mantha, Krešo. Ndinkati sadzandiyankhulanso, mwana wobala okha kuwasandutsa chilombo choti anthu aziseka.

Holo yonse inaseka. Koma bambo sanaseke, chipewa chili pabondo. Titatuluka anandifunsa ngati ndinakulira m'nyumba mwawo kapena kwa aneba. Ati mwendo umene unapanidwa ndi bogi ya sitima ndi wamanzere, nanga chilombo chakocho chikukoka wamanja bwanji? Galasi lija! Ndinakopera zimene ndinkaona, osakumbuka kuti limatembenuza zinthu. Ati ukamaba munthu, uziba bwinobwino.

Lolemba anavala suti yawo ya kutchalitchi n'kufika kuntchito kwathu osaitanidwa. Anayenda m'khonde kupita n'kubwerera, ojambula tonse titakhala pansi mapensulo m'manja, uku bambo akuwakalipira a Ljudevit kuti bwanawe, yang'ana phewa, nsapato zakulakwira chiyani. Panopa kwathu akuuza aliyense, mpaka wansembe, kuti ali m'kanema. Ndasangalala kwambiri, sindikubisa.

Koma pali china chimene sindinawauze amayi. Pantchito yathuyi, chinthu chikamayenda pang'onopang'ono, kuponya phazi kamodzi kumadya mapepala ambiri. Mayendedwe amene ndinachita pagalasi aja anali a bambo amene unawasiya iwe. Mayendedwe awo a Lolembawa ananditengera mapepala pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ndimawaona mwezi uliwonse, koma ndinali ndisanazindikire kuti akufooka chonchi mpaka pensulo itandiuza.

Ndiye usanenenso kuti chaka chamawa. Bwera pa Khirisimasi. Bambo akuti adzakuchingamira okha kusiteshoni wapansi, ndipo ndikufuna ubwere akadali okhoza kufikako.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Vesna ndi kamwana kanuko. Amayi ati uzivala mpango m'khosi. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wako,
Zdenka