Tsalani Bwino Mayi Herlinda, Amene Munakweza Chimanga cha Makolo

Kwa banja la Zárate ndi anthu onse a ku Oaxaca,

Ife a Bungwe la Akatswiri Ophika a m'Chigwa cha Oaxaca talandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wa imfa ya Mayi Herlinda Zárate Cuevas, amene atisiya Lachiwiri m'mawa ali ndi zaka 71.

Malemuwa anayamba ntchito ali mtsikana pa hotela ina ya m'tauni, m'masiku amene alendo olemekezeka ankapatsidwa zakudya za ku Ulaya zokhazokha, pamene chimanga, nyemba ndi ziwala zinkadyedwa kuseri ndi antchito. Tsiku lina iwo analimba mtima n'kupereka kwa alendo msuzi wakuda wakwawo wotchedwa mole, wa tsabola ndi koko zopera pamphero, ndipo mkulu wa kukhitchini anapsa mtima.

"Iwe Herlinda, za kumudzi kwanuzi pano ayi! Ukufuna kutichititsa manyazi?"

"Bwana, onani mbalezo, alendo anyambita," anayankha Mayi Herlinda. "Manyaziwo ali pati?"

Ntchito inawathera tsiku lomwelo, koma iwo sanabwerere m'mbuyo. Anatsegula malo awoawo odyera ndi matebulo anayi okha, ndipo lero anthu ochokera m'maiko akutali amadikira miyezi itatu kuti apezepo mpando. Alimi a kwawo, amene anatsala pang'ono kutaya mbewu ya chimanga chakuda posowa wogula, anayambanso kulima monyadira popeza malemuwa ankawagula chimangacho. Ophika oposa zana anadutsa m'manja mwawo, kuphatikizapo ine, amene anandibweza kasanu konse kuti ndikakazingenso tsabola ndisanaloledwe kugwira mthiko.

M'malo mwa mamembala onse, tikupepesa kwa mwana wa malemuwa, Mayi Nayeli, kwa adzukulu ndi abale onse, ndipo tikupempha Mulungu kuti akulimbitseni mtima pa nthawi yowawitsayi.

Mayi Nayeli atiuza kuti malemuwa ali m'chipatala anawalangiza kuti: "Mwanawe, pamaliro panga musaphike mothamanga. Anthu alire atakhuta."

Tamva, Mayi. Lachisanu tonse tidzatseka malo athu odyera ndipo tidzafika kusiwa titavala maepuloni. Aliyense wobwera kudzakuperekezani, wolemera kapena wosauka, adzakhala pa tebulo n'kudya.

Abundio Velasco Luis
Wapampando wa Bungwe