Mpando Wako Ulipobe

Gulu: Owerenga Awiri 📚
Lachinayi

Mlamu ❤️ walowetsa nambala yachilendo m'gulu

Ine, 12:41
alamu mwalowetsa ndani?

Mlamu ❤️, 12:41
wokonda mabuku ngati ife, usaope. novel ndinakubwereka ija wamaliza?

Ine, 12:42
"Mpando Wako Ulipobe"? ndamaliza dzulo. eish

Mlamu ❤️, 12:42
eish wachani? bukuli dziko lonse lalipatsa 5 stars

Ine, 12:44
anthu amangotsatana ngati nkhosa. ine mpaka ndinasiya kusoka diresi yoti ndivale loweruka pokaonana ndi amayi anu koyamba. nthawi yanga yapita pachabe

Nambala yachilendo, 12:47
Chakukhumudwitsani n'chiyani?

Ine, 12:49
zonse. ndimadikira chinsinsi. ndimati mwina mwamunayo sanafe, atulukira kumapeto mvula ikugwa, kolala atakweza, nkugogoda pawindo 😍 koma ayi. wafa pa page 30 ndipo wafadi. masamba 300 otsalawo mkazi akungopukuta mpando wa malemu

Mlamu ❤️, 12:50
😂 usameze mawu mlamu. nena ngati mmene unandiuzira dzulo

Ine, 12:52
🎤 0:52

Mlamu ❤️, 12:53
ndili pa ntchito sindingamvere. lemba plz

Ine, 12:56
ndati mkaziyo si wachikondi, ndi chitsiru basi. mwamuna akubwera akununkha mowa ndi perfume ya eni ake, iye nkugwada kumuvula nsapato. bamboyo anachita bwino kufa, ngakhale ine ndikanathawa

Nambala yachilendo, 13:01
Mwina wolembayo analemba zimene anaziona.

Ine, 13:02
ndiye ngomvetsa chisoni kkkk. sure ndi kagogo kena kosakondedwapo chibadwire. nchifukwa chake kanabisa dzina. ana ake akanakhala anzeru akanakalanda cholembera

Mlamu ❤️, 13:03
kkkkkk ndafa ine. screenshot yapita kwa achimwene

Ine, 13:03
chifukwa? bae sawerenga ma novel

Ine, 13:09
alamu?

Ine, 13:34
achimwene anu akundidulira foni. chachitika nchani?

Nambala yachilendo, 14:10
Mpandowo ndi wabuluu. Mwendo umodzi ndi womanga ndi waya, anauthyola yekha ataledzera. Zimenezo m'buku mulibe. Nsapato ndinkamuvuladi, kuti ana asamve akupunthwa m'khonde.

Ine, 14:11
pepani, ndinu ndani?

Ine, 14:12
alamu ndiyankheni, ameneyu ndani

Mlamu ❤️, 14:15
si iwe wokonda suspense? 🙂 ndinangofuna akumve usanadzole ulemu wa loweruka

Ine, 14:15
munandibwereka dala bukuli

Ine, 14:16
mlamu wanga ndinakulakwirani chani?

Mlamu ❤️, 14:16
mlamu wako ndani?

Nambala yachilendo, 14:22
Pachikuto cha bukulo ndinadzitcha Njiwa Yoyera. Kunyumba ndine mayi wa mnyamata amene umati ukwatiwe naye. Amene anachita bwino kufayo ndi bambo ake.

Nambala yachilendo, 14:23
Loweruka usavutike, mwananga.

Ine, 14:23
amayi pepani

Ine, 14:24
amayi chonde sindimadziwa

Ine, 14:31
🎤 2:47

Ine, 15:50
mwamvera?

Mlamu ❤️ wakuchotsani m'gulu